Akwecha Zitsulo Zanga ndi Mchenga

Lachinayi, Okutobala. Kunja kukutentha, ine ndanyansidwa.

Zitsulo zanga ziwiri za nikelo, zija ndinabwera nazo pochokera kusukulu ku Joni, zatha ntchito. Zitasungunulidwa, china chinazizira msanga, chinacho pang'onopang'ono. Ndinazisalaza ndekha pa makina komweko n'kuzithira asidi kuti makabaidi, timibulu tolimba tokhala ndi kaboni, azioneka pa maikulosikopu. Ndimati mawa ophunzira anga adzionere okha kuti chozizira msanga timibulu take n'tating'ono, pomwe chinacho n'tatikulu, tanthambinthambi, ndipo mng'alu umayambira pomwepo.

Koma Loweruka kukubwera alendo pakoleji. A Kamwendo, mkulu wa dipatimenti yathu, analamula kuti chilichonse m'labu chiwale. Asidi uja anasiya zitsulozo zotuwa, ndiye iwo eni azikwecha ndi mchenga wakumtsinje ngati mapoto.

Anachita kundiitana, akumwetulira. "Mayi Phiri, mwaona? Dzimbiri lonse ndachotsa."

Dzimbiri pa nikelo, chitsulo chosachita dzimbiri! Ndinangoti zikomo bambo. Pa maikulosikopu pakungooneka mizere ngati ya m'munda, ndipo makina osalazira kuno kulibe.

Akuti Loweruka adzaziika patebulo lakutsogolo, ine ndiime pambali ndiziwafotokozera alendo. Ndikafotokoze chiyani, mchenga?