Mubwere akabadwa

Lachinayi, 12 Juni, Chinsapo

Lero ndatopa, koma osati ndi ntchito.

Alangizi a ziweto anabwera m'mawa kudzabaya katemera nkhumba yathu ya bere ija, ine ndili kumsika. Ndinawaitana ndekha, chifukwa tiana take ta ulendo watha tinafa tonse ndi kutsegula m'mimba, ine ndikungoyang'ana. Bambo a Chisomo anawabweza pa geti. Akuti anafunsa kuti katemerayo ndi wa chiyani, alangizi n'kuyankha kuti ndi woteteza ana. Iwo amvekere, "Ana ake ati? Sanabadwe. Mubwere akabadwa."

Alangizi anandiimbira foni akuseka. Ine sindinaseke. Anandifotokozeranso kuti amabaya make, chitetezo chimalowa mu mkaka woyamba uja, tiana tikayamwa n'kutetezeka. Kudikira kuti tibadwe ndiye kuchedwa kumene. Mawa akupita kukabaya ng'ombe ku Mitundu, sakudziwa kuti abwerako liti. Bere nalo silidikira munthu, mimba yayamba kale kutsika.

Nditafika kunyumba ndinawapeza bambowo akumvera wailesi pakhonde, mtima uli m'malo. Ndinati, "Bambo a Chisomo, ndili ndi pakati pa Chisomo munandikweza pa njinga nokha kupita ku sikelo. Anabaya ndani, ine kapena mwana?"

Anachepetsa wailesi, n'kuganiza kaye. Kenako akuti, "Komatu inu si nkhumba."

N'zoona, si ine nkhumba. Koma tsiku lija pa khomo la chipatala panalibe munthu wondiyankhira kuti, "Mubwere akabadwa."