Mafuta apezeka lero

Lachinayi madzulo. Tsiku lonyansa.

Lero asamutsa a Phiri, apolisi oyandikana nafe kuno kumalaini. Mlandu wawo ndi kutulutsa kanema woonetsa mnzawo akuwombera mnyamata wogulitsa nthochi ku Old Town. Wowomberayo ndamuona m'mawa akupita kuntchito, nsapato zili waliwali.

Tsiku lija mayi a malemu mnyamatayo atapempha galimoto yonyamula bokosi, abwana a polisi anati, "Pepani mayi, mafuta kulibe." Lero chilole chabwera thanki yodzaza, kukataya a Phiri kumalire a dziko.

Amuna anga, nawonso apolisi, amvekere, "Musakatsanzike, mundichotsetsa ntchito." Ndapitabe, ndipo mbaula ya mayi Phiri ndakweza m'chilolemo ndine. Madoda onse amfuti aja amangosuzumira m'makatani ngati mbewa.