Buledi Wotentha pa Mbale ya Malemu

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi. Bondo lija likuti bwanji? Achemwali andiuza kuti mukukanabe ndodo, ati mkulu wa mpingo sangalowe m'tchalitchi ndi miyendo itatu. Ine kuno ndili bwino, ndipo lero ndikulemba mtima uli m'malo, zomwe sabata yatha sindikadatha kunena.

Kalata yanu ija ndinailandira. Munati ndisiye ntchito m'nyumba ya Ayuda kuopa kuti chikhulupiriro changa chingazirale, ndiponso kuti mukupemphera tsiku ndi tsiku kuti Mulungu anditulutsemo. Ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinasowa poyambira. Tsopano poyambira papezeka, ngakhale ndi pochititsa manyazi.

Nkhalamba imene ndimaisamala ndimaitchula kuti a Mawotchi, chifukwa moyo wawo wonse ankakonza mawotchi. Ndimawasambitsa, kuwameta, ndi kuwayendetsa pakhonde. Miyendo inatha koma pakamwa mpakuthwa. Amene anandilemba ntchito ndi mwana wawo wamkazi, dokotala wa mano, mayi wolankhula pang'ono amene akakuyang'ana umayamba kukumbukira zolakwa zako zonse.

Paska wawo atayandikira, adokotala anatenga tchuthi ndipo tinakolopa nyumba masiku anayi. Tinatulutsa zonse m'makabati, tinasuntha firiji, tinakutumula ngakhale matumba a majekete. Anandifotokozera chifukwa chake, koma inu mukundidziwa, ndimangoti inde inde mutu uli kwina. Ndinkaganiza kuti kukubwera alendo olemekezeka basi. Madzulo a tsiku lomaliza ndinaona a Mawotchi akuyendayenda mothandizidwa ndi mwana wawo, atanyamula kandulo ndi nthenga, akusuzumira m'makona, ine n'kumati ukalamba ndi umenewu.

M'mawa mwake adokotala anatentha kanthu m'chitini kuseri kwa nyumba, n'kupita kukagula masamba. Ine potsegula kabati ndinapeza mulibe buledi ngakhale kachidutswa. Ndinadzimvera chisoni kuti wantchito wanji wolola nkhalamba kumwa tiyi wosatsatira kanthu. Ndinathamangira kubekale, n'kubwera ndi buledi muwiri wotentha. Ndinadula patebulo lomwe tinalikwecha lija, nyenyeswa mbwee pansalu yatsopano, kenaka ndinasankha mbale yokongola pa mbale zimene tinatsitsa kusiling'i dzulo lake, n'kuikapo magawo anayi. Ndinkachita kuimba kanyimbo, Bambo, ndikudzitama mumtima kuti wantchito ngati ine sapezekapezeka.

Adokotala atalowa anangoima pakhomo, thumba la masamba lili m'manja. Sanakalipe. Akadakalipa bwenzi zili bwino. Anayang'ana mbale ija misozi n'kuyamba kutsika. Anandiuza motsitsa mawu kuti masiku anayi onse aja tinkachotsa chotupitsa m'nyumba, kuti mbale zimenezo zinali za malemu mayi awo ndipo zimatsika kamodzi pachaka, ndiponso kuti pa zaka makumi asanu sizinakhudzepo buledi. Mbale yadothi yotero ikakhudza buledi wotentha siibwereranso patebulo la Paska. Anamaliza ndi kunena kuti ndilongedze katundu, chikondwerero chikatha adzapeza munthu wina.

Apo m'pamene mutu wanga unatseguka. Ine mwana wa mkulu wa mpingo, amene munandilowezetsa nkhani ya Mose ndi ana a Israele akuchoka kwa Farao mtanda usanatupe, ndinakolopa masiku anayi osazindikira kuti ndili m'kati mwa nkhani yomweyo! Ndinkayesa kuti zimenezo zinathera m'masamba a Malemba.

Ndili m'chipinda kupinda malaya, ndinaganiza kuti pemphero la Bambo layankhidwa. Ndikuuzeni zoona, sindinakondwe. Ndinakhala pabedi ndikulira ngati mwana, osati chifukwa cha ntchito yokha, koma poganiza kuti ndani adzadziwa kuti a Mawotchi safuna madzi otentha kumsana, ndiponso kuti akati sakufuna kanthu ndiye kuti akufuna.

Amene anandipulumutsa ndi nkhalamba yomweyo. Ndinawamva akuuza mwana wawo kuti fungo la buledi analimva ali m'chipinda ine nditangolowa nalo, ndipo akadatha kukuwa, koma anangokhala chete n'kumanunkhiza chifukwa sabata yopanda buledi ndi yaitali. Anati ngati pali wopitikitsidwa, ayambe iwowo. Anawonjezera kuti si bwino kutulutsa mlendo m'nyumba tsiku lomwe akukumbukira kuti makolo awo anali alendo m'dziko la eni. Patapita nthawi adokotala anagogoda pachitseko changa n'kundipatsa tsache.

Tinatentha buledi yense, tinachapa nsalu, tinathira madzi owira patebulo. Madzulo anandiikira mpando pakati pa abale awo. Mbale ya malemu ija adokotala anaikulunga m'pepala n'kundipatsa, nati popeza yasanduka mbale ya buledi, ndizidyerapo ine masiku onse amene ndidzakhale m'nyumbamo. Sanamwetulire, koma ndinamva kuti sindichokanso.

Zimene ndinaona patebulopo ndi zimene zandilembetsa kalata ino. Anali ndi mikate itatu yopyapyala yopanda chotupitsa, yobookabooka, ya mizeremizere. A Mawotchi anatenga wapakati, anaunyema, anakulunga chidutswa m'nsalu yoyera n'kuchibisa. Chakudya chitatha chidutswa chija chinatulutsidwa, aliyense analandira kachidutswa, kenaka a Mawotchi anadalitsa chikho. Ndinaona manja anu, Bambo, mmene mumanyemera mkate pa Mgonero. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti Ambuye anayambitsa mwambo watsopano usiku uja, osadziwa kuti anakhala pa chakudya chimene ankadya chaka ndi chaka kuyambira ali mwana m'nyumba ya mayi awo.

Patapita masiku ndinalephera kudzigwira. Ndikuwameta a Mawotchi, ndinawauza kuti kwa ine mkate wonyemedwa uja, wobisidwa n'kutulukanso, ukunena za Yesu, ndiponso kuti mtumiki wozunzika amene mneneri analemba za iye ndi yemweyo. Anandiuza kuti ndiyambe ndaika lezala pansi, chifukwa munthu satsutsa ulaliki mpeni uli pakhosi. Nditaika, anati kwa iwo mtumiki ameneyo ndi mtundu wawo wonse, ndipo Mesiya sanafike, pakuti aneneri omwewo analonjeza kuti akadzafika nkhondo zidzatha, ine ndingotsegula wailesi ndimve. Ndinayankha kuti ifenso tikudikira tsiku limenelo. Anati ndiye ndidikire nditamaliza tsaya linalo.

Sanandikope ndipo sindinawakope. Koma tagwirizana kuti Lachitatu lililonse masana tiziwerenga aneneri, iwo m'chilankhulo cha makolo awo, ine m'Chichewa, n'kumakangana mpaka tiyi atazizira. Kutchalitchi ndikupitabe Lamulungu lililonse, ndipo a Mawotchi ndi amene amandikumbutsa nthawi ndikachedwa. Mgonero wa mwezi uno ndinaulandira ndikuumvetsa kuposa kale lonse.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti munalemba zija chifukwa chondikonda, ndipo sindikufuna kukhala m'nyumba muno mosemphana ndi mawu anu. Chonde mundimasule, mundilembere kuti ndikhale. Ndipo ngati mukupempherabe kuti nditulutsidwe, lekani Bambo, ndapota nanu. Mapemphero anu ndi amphamvu, ulendo uno anangotsala pang'onong'ono kugwira, ndipo mtima wanga sungapirire kachiwiri.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti ndanenepa pang'ono. Moni kwa achemwali ndi alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndiponso kwa adzukulu anu onse. A Mawotchi nawo akupereka moni. Ati munalera mwana wosamva, koma wa manja abwino.

Tsalani mumtendere wa Ambuye.

Ndine,
Mwana wanu wachisamba