Nshawa Zanu Zofiira

Amayi, kodi kumeneko mwakhazikika bwanji? Kuno kwa Mwase tilipo ndithu. Mpongozi wanu, mkazi wa Yotamu, anachira mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akayamba kulira amamveka mpaka kudimba, monga munkamvekera inu potiitana.

Pali nkhani imene yakhala ikundipweteka mtima chichokereni inu. Pa maliro anu anthu anachuluka, ndiwo zinachepa, ndiye amayi ophika anatsegula chikwa chimene munkasungamo mbewu n'kusinja nshawa zonse kuti atendere masamba. Sindiwaimba mlandu, sankadziwa. Koma zinali zofiira zija, za maso atatu m'khoko limodzi, zimene munabwera nazo kuchokera kwanu pokwatiwa. Nditapeza chikwa chili pululu ndinalira maliro kachiwiri. Ndinafunsa midzi yonse yapafupi, koma palibe amene anali nazo.

Zinthu zasintha kuno. Depoti imene tinkagulitsako chimanga anatseka. M'malo mwake kunayamba kubwera amalonda ndi zitini zawo zofutukula m'mbali, zosadzaza msanga, n'kumatisiyira zovala zothaitha za salaula. Inu mukanawapirikitsa ndi munsi! Ife tinangokhala chete chifukwa aliyense ankagulitsa yekhayekha pakhomo pake, mchere utamuthera.

Chaka chino tinati ayi. Tinagwirizana ndi amayi a midzi ina, timasonkhanitsa zokolola pamodzi, galimoto imodzi n'kutitengera tonse ku Msika wa Lundazi. Kumeneko tili ndi shedi yathu, muyeso umodzi, mtengo umodzi. Wogula akakana kwa ine, kwa mnzanga akamvanso zomwezo, mpaka amabwerera yekha. Mdzukulu wanu Tamara tsopano amapita kusukulu atavala nsapato.

Tsiku lina m'shedimo ndinakhala moyandikana ndi mayi wina wachikulire wa ku Chikomeni, Anyazimba. Atamasula thumba lawo, ndinaona kuti muli nshawa. Ndinaswa khoko limodzi: maso atatu, ofiira. Ndinawafunsa kumene anazipeza. Anati kalekale anagonera m'chipatala mwana wawo limodzi ndi mayi wina wa kwa Mwase, wamtali, wa mpata kumano, amene potsanzikana anawamangira nshawa pakona ya chitenje. Amayi, mwana amene inu munkadwazika nthawi imeneyo ndinali ine.

Ndinawapempha kuti andigulitseko. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana, kenako ananena mawu anu omwe aja, amene munkatiuza mukamamata chikwa: "Mbewu sitigulitsa, timapatsana." Pakati pa msika, pamene chilichonse chili ndi mtengo wake, anandidzazira chitenje osalandira kanthu. Nditawauza kuti munatisiya, tinalira tonse, ogula akudabwa.

Ndadzala kumunda wanu wa kuchulu, ndipo zamera bwino. Anyani ayamba kale kuzungulira, koma Yotamu akulondera.

Ndakusowani kwambiri, Amayi. Tikakolola, ndikulonjeza kuti ndidzapita nazo kushedi, ndipo mayi aliyense wa m'gulu lathu ndidzamumangira pang'ono pakona ya chitenje chake, kuti pa maliro anga ophika akadzasinja zonse za m'chikwa, mwana wa dzina lanu adzazipeze kwa anthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Misozi