Ababa Pamzere wa Kusikelo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chiringa tilipo, koma ababa agona ndi chifuwa, ndipo mwachititsa ndinu.

Munalemba kuti kumeneko okalamba amabayitsa katemera wa chimfine chisanu chisanayambe. Ababa atamva anaumirira, ndiye ndinawakweza panjinga m'chiperoni mpaka kusikelo ya ana. Anakhala pamzere pakati pa amayi oyamwitsa, chipewa chili m'manja. Namwino anawafunsa kuti, "Agogo, mwana wanu ali kuti?" Amayi onse aja anafa nalo phwete. Akuti katemera kuno ndi wa ana ndi amayi apakati basi.

Tinabwerako titanyowa, ndipo chimfine tinkathawacho chinawagwira panjira.

Malangizo musatitumizirenso. Tumizani bulangete. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati