Zipsepse za Achimwene

Lolemba, 3 Malichi

A kasitomu, oona katundu wotuluka m'dziko, abweretsa matumba anayi ku labu yathu yoyeza nsomba. Zipsepse zouma za nsomba za m'nyanja yamchere. Pa fomu: "shaki wamba." Fungo mpaka m'tsitsi. Ndatsegula thumba loyamba, mtima phaa. Zazitali, zotuwa, zonyezimira. Si za shaki izi. Ndi za reyi wamphuno yosongoka uja, wooneka ngati shaki koma mabowo opumira ali kumimba, osati m'mbali. Watsala pang'ono kutheratu m'nyanja. Kutumiza kunja popanda chilolezo ndi mlandu.

Dzina la wotumiza: achimwene anga, asodzi aja.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndapempha abwana kuti ntchitoyi apatse wina. Ati wodziwa zipsepse pano ndi ine ndekha, mnzanga ali kutchuthi chauchembere. Ndawerenga. Zipsepse 612. Nsomba ngati mazana awiri. Zimachedwa kukula, zimabereka ana ochepa.

Nkhomaliro yabwerera kunyumba osaigwira.

Lachinayi, 6 Malichi

Amayi abwera okha kuntchito, ndi ndodo yawo, masitepe onse aja. Akhala pampando wanga wozungulira, akuopa kugwa. "Mwanawe, shaki ndi reyi si pachibale? Ungolemba shaki, nsombazo zinafa kale." Ndawauza kuti n'zapachibale, koma magulu ndi osiyana, lamulonso n'losiyana. Andiyang'ana ngati ndatukwana.

Sindinawauze kuti amene anandiphunzitsa kusiyanitsa ndi mwana wawo yemweyo. Ndili sitandade 3, padoko, anatembenuza reyi mmodzi ndi phazi: "Uziyang'ana kumimba, usamapusitsidwe ndi msana." Ndiye kuti akudziwa chimene analongedza.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndasaina lipoti. Dzina lenileni la nsombayo, zilembo zazikulu. Sindinazengereze n'komwe, n'zimene zikundiwawa.

Lamlungu, 23 Malichi

Bwato la achimwene aboma analanda, laisensi ya usodzi anafufuta. Kundende sanapite, mwayi. Kutchalitchi alamu asuntha benchi nditangokhala. Amayi foni sakuyankha, sabata yachitatu ino. Mankhwala awo a shuga ndikumasiya pakhonde.

Abwana akuti lipoti langa alitamanda kumsonkhano. Ndinakalira kuchimbudzi.

Loweruka, 12 Epulo

Ndakumana ndi achimwene pasiteji ya basi. Awonda. Avala yunifolomu ya ulonda, manja a malaya owafupikira. Ndimati andilambalala. Aima.

"Zinalipo zazikazi zambiri?"

Ndati pa zipsepse sizidziwika.

Adziyankha okha: "Zinali zambiri. Zina potumbula ana amatuluka amoyo. Ndimawaponya m'madzi, kaya anapulumuka."

Basi yawo yafika. Akwera osatsanzika, kenako atulutsa mutu pawindo: "Amayi mankhwala akumwa."

Ndatsala pasiteji, yanga yandidutsa kawiri.