Mkanda Wakuda pa Zingwe Ziwiri

Lolemba, 9 Ogasiti 1976

Kwazizira koopsa. Tsiku lonse kuyeserera magule a chipani, miyendo yatha. A Ackim abwera ndi diresi kuchokera kwa telala wa pa Chimbiya. Ukwati wathu Loweruka lomweli. Ine wamasiye, kukwatiwanso! Mwana wanga Jenifa akungondiseka, wopanda ulemu.

Lachiwiri, 10 Ogasiti

Mayo ine!

Kwafika bambo wina wochokera ku Joni, a Rafaelo, kufuna Jenifa. Atamva dzina langa agwetsa chikwama. "Magadalena? Si munamwalira inu?" Ndati womwalira ndi mwamuna wanga Vinsenti, mgodi unamugwera. Iwo akuti, "Vinsenti ndadya naye mwezi wathawu." Atulutsa chingwe cha mikanda, ati watumizira mwana wake.

Ndachizindikira. Vinsenti akupita ku Joni, amayi anatitungira zingwe ziwiri zofanana, monga timachitira m'banja mwathu. Wofiira ukwati, woyera kubadwa kwa mwana, wakuda maliro. Aliyense aziwonjezera pa chake, podzakumana tidzaziyale pamodzi.

Lachitatu, 11 Ogasiti

Sindinadye. Sindinaziyale. Ndikuopa.

Lachinayi, 12 Ogasiti

Ndaziyala pamphasa. Wofiira, wofiira. Woyera wa Jenifa, woyera. Wakuda wa apongozi, wakuda. Kenako pa changa wakuda wa Vinsenti. Pa chake, pamalo omwewo, wakudanso. Ameneyo ndi ine! Munthu ndili kuno ndikulima nyemba, anandilira maliro.

Changa chathera pomwepo. Chake chikupitirira: wofiira, woyera, woyera. Anakwatira. Ndalira mpaka Jenifa wathawira kwa agogo ake.

Ndafunsa a Rafaelo kuti ndani anauza Vinsenti kuti ndinamwalira. "Mnzake wa kumudzi kuno. Anabwera kutchuthi, n'kubwerera ndi uthengawo. Ackim."

Kalanga ine! Amene anadzaima pakhomo pano, chipewa chili m'manja, misozi ili mbwembwembwe, kudzandiuza za mgodi, ndi a Ackim omwewo.

Lachisanu, 13 Ogasiti

Amayi akuti ndikhale chete, mowa wafulidwa kale, abambo mfumu analengeza m'tchalitchi, tidzayang'ana bwanji anthu. Chete? Ine?

A Ackim afika masana akuimba mluzu, nsapato zanga zatsopano zili m'manja. Ndawalozera mphasa, zingwe zili pomwepo. A Rafaelo ali pampando pakhonde.

"Khalani, a Ackim. Mundiwerengere mikanda iyi."

Mluzu wazima. Mpaka pano sanakhale.